Usakwere Ndege Usanatsanzike Bambo Ako

Lanham,
Lachinayi masana.

Tinyade mwana wanga,

Watuluka ndi anzako kukagula nsapato ku Landover, m'nyumba muli zii, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere. Ndikamalankhula pakamwa umandidula ndi ka "Mom, I know" kako kaja ndisanafike n'komwe pamene pali nkhani. Pepala sungalidule. Ndipo ndikulemba m'Chichewa dala. Usandiuze zoti chimakuvuta kuwerenga. Munthu amene amawerenga zilembo za Chijapani zija, zooneka ngati nkhuku yapalasa pamchenga, sangalephere kalata ya mayi ake. Uiwerenge lero lomwe, usaisunge kuti ukawerengera m'ndege, chifukwa chimene ndikupempha n'cha mawa m'mawa usananyamuke.

Ndiyambe ndi chimene chadzaza mumtima: ndikukunyadira, mwana iwe. Mawa ukupita ku Japan kukapitiriza maphunziro, malo amene wawapeza ndi mutu wako, popanda wokugwira dzanja. Lamulungu kutchalitchi amayi anandizungulira ngati ndine amene ndikupita. Mayi wa ku Lusaka uja, wokonda zipewa, anati, "Mwana wanu ni wanzeru maningi, mumudyetsa chani?" Ine n'kuseka mwaulemu, "Aa, ndi Mulungu basi," koma m'kati ndikuvina. Mwana wobadwira pachipatala cha mishoni ku Dedza, amene anatsika ndege kuno atavala juzi lobwereka! Pobwerera kugalimoto ndinayenda ngati Washington yense ndi wanga.

Koma pali munga umodzi, ndipo ukuudziwa. Iwe ndi bambo ako simukupatsana moni. Kuyambira tsiku la phwando lako lomaliza maphunziro, pamene iwo anaimirira pamaso pa alendo n'kulengeza kuti akupezera ntchito kwa mnzawo mutauni, iwe n'kuwayankha pomwepo m'Chizungu kuti moyo ndi wako ndipo ukupita ku Japan, m'nyumba muno moni anafa. M'mawa mwake unawapatsa moni, iwo anangoti "mmh" nkhope ili munyuzipepala. Tsiku linalo iwe sunapereke. Mpaka lero mumadutsana m'khonde ngati anthu okwera basi imodzi, ine ndasanduka mthenga wa mchere ndi makiyi. Iwo analakwa kulengeza asanakufunse, ndinawauza. Iwe unalakwa kuwavula pagulu, ndikukuuza pano. Sindikuweruza mlandu lero ayi. Ndikungoopa chinthu chimodzi, chakuti ungawoloke nyanja yonse ija musanatsanzikane.

Ndiye ndikuuze za moni. Chijapani umachidziwa, pomwe ine ndili ndi timawu towerengeka pa zala. Koma kalikonse ndinakaphunzira ndi manyazi, ndiye ndimvere.

Titangofika kuno, pamene bambo ako anayamba ntchito kubanki kuja, tinkakhala m'mafulati a ku Greenbelt. Iwo kuntchito, iwe kusukulu, ine ndekha ndi makoma. Tsiku lina ndikutsika ndi zovala kuchipinda chochapira, mzimayi wina wachizungu anandifunsa m'chilankhulo chawo kuti ndili bwanji. Ayi ndithu, mtima wanga unadumpha! Ndinatula basiketi pansi, n'kuyamba kufotokoza kuti ife tadzuka, kungoti mwana akutsokomola, komanso kuzizira kukutivuta. Podzutsa mutu kuti ndifunse za kwa iyeyo, munthu anali atakhota kale pakona. Ndinatsala ndikufotokozera makina ochapira. Madzulo ake ndinauza bambo ako kuti andigulire tikiti, dziko lofunsa funso n'kuthawa yankho ine sindingalithe. Phunziro lake ndi ili: ukafika kwa eni, moni wawo uyambe wamuonera kaye. Usathamangire kunena kuti ndi amwano, ndipo usathamangire kuganiza kuti wapeza bwenzi.

Amene anandichotsa maganizo a tikiti ndi Mayi Hamada. Ukuwakumbukira, a khomo loyang'anizana ndi lathu, amuna awo ankagwira ntchito pamalo ofufuza za mlengalenga paja. Tsiku loyamba kukumana nawo pamasitepe anaima. Anaima, Tinyade! Anagwirizanitsa mapazi, manja pantchafu, n'kuwerama, amvekere, "Ohayo gozaimasu." Sindinamve kanthu, koma ndinadziwa kuti uyu ndi moni wa munthu woleredwa. Mawondo anga anapinda okha, ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira agogo ako. Iwo poona kuti ndatsika, anaweramanso kwambiri. Ine ndinati aa, mayi wamkulu chonchi asandipose ulemu, n'kutsikanso. Iwo n'kuweramanso. Mapeto ake ine ndinali nditagwada pasimenti, iwo mutu watsala pang'ono kugunda chitsulo chogwirira, wonyamula makalata waima kumbuyo kwathu akudikira njira. Tinayang'anana n'kuphulika kuseka, ubwenzi n'kuyambira pomwepo. Koma iwe usakachite zanga. Ukawerama kwa mkulu, uwerame mokwanira, msana wowongoka, maso pansi, kenaka udzuke. Ulemu si mpikisano. Ndipo kwa aphunzitsi ako, kwa mwini nyumba, ngakhale kwa wosesa pakhomo, uzinena mawu onse mpaka "gozaimasu" yo. Kudula pakati n'kwa anzako amsinkhu wako. Zili ngati kunena "iwe" kwa munthu woyenera "inu", ndipo ukudziwa mmene makutu anga amawawira ndi zimenezo.

Kenaka ndinafuna kudzionetsa. Ndinawafunsa Mayi Hamada kuti "muli bwanji" amati chiyani kwawo, iwo anati "Ogenki desu ka." Basi ine ndapeza chuma. M'mawa uliwonse pamabokosi a makalata, "Ogenki desu ka?" Tikakumananso masana kuchipinda chochapira, "Ogenki desu ka?" Pajatu kwathu umafunsa kudzuka, umafunsa kuswera, sutopa. Iwo ankayankha ndithu, koma nkhope ikusinthasintha. Tsiku lina anagogoda pakhomo, anakhala pamphepete pa mpando, n'kundifunsa motsitsa mawu m'Chizungu chawo chochepa chija: "Ndiuzeni zoona. Kodi ndikuoneka wodwala?" Mayo ine! Munthu anali atapita mpaka kwa dokotala chifukwa cha moni wanga. Anandifotokozera kuti funso limenelo n'la munthu amene mwatenga nthawi musanaonane. Woonana naye tsiku ndi tsiku umangomupatsa moni wa nthawiyo, m'mawa "ohayo gozaimasu", masana "konnichiwa", kukada "konbanwa", mwina n'kuonjezapo kuti lero kwazizira, basi. Mumtima ndinati anthu awa ndi ouma, safunsana moyo. Koma chaka chomwecho nditagwidwa ndi chimfine chachikulu chija, ndinawayankha moni ndi mawu osasa, iwo sanafunse kanthu. Patapita kanthawi ndinapeza kamphika ka msuzi wotentha pakhomo. Amafunsa ndi maso, mwana wanga. Ndiye ukakhala kumeneko osamva wokufunsa kuti wadzuka bwanji, usakalire kuti sakukufuna. Uziyang'ana zimene akuchita, nawenso uziona anzako ndi maso omwewo.

Ya dzanja ndiye imandichititsa manyazi mpaka pano. Apongozi awo a Mayi Hamada anabwera kuchokera ku Japan, gogo wamng'ono thupi, imvi mbuu. Ndinati mlendo wochokera kutali chonchi ndimulonjere mwa kwathu. Ndinavala chitenje changa chabwino, n'kukagwira dzanja lawo ndi manja awiri, osalisiya. "Mwayenda bwanji? Kumene mwachoka kuli bwanji? Ana? Nanga mvula?" Mayi Hamada akumasulira, thukuta lili kamukamu, ine dzanja ndagwirabe. Gogo uja anauma gwa ngati ndamugwira akuba, akungoyang'ana pansi. Ine ndinkaona ngati ndikuthira ulemu wonse wa ku Dedza, osadziwa kuti kwa iwo ulemu ndi kusiyira munthu mpata. Iweyo ndiye ndikukuopera kwambiri, chifukwa wakulira kuno kokumbatirana ndi aliyense. Manja ako azikhala kwa iwe mpaka mwini wake atayamba kutambasula lake.

Usaganize kuti ndikuti ukasiye zakwanu. Ayi! Gogo yemwe uja, tsiku lobwerera kwawo, anabwera pakhomo pathu, anawerama, kenaka anatambasula dzanja lake lamanja, lamanzere atagwira pachigongono monga anaonera ine. Ndinatsala pang'ono kulira. Kumene ukupitako ambiri sanaonepo munthu wa ku Malawi, ena sadziwa n'komwe kuti kuli dziko lotero. Adzakufunsa kuti kwanu mumalonjerana bwanji. Tsiku limenelo usakandichititse manyazi ndi "Hi". Ukawaonetse kupinda mawondo, ukawaonetse kuwomba m'manja, ukawauze kuti kwathu munthu sayamba nkhani asanamve mmene mnzake wadzukira. Ukachite mutu uli m'mwamba, chifukwa moni wathu sachepa pamaso pa wina aliyense.

Chijapani chako chinayambira pakhomo pa Mayi Hamada, mwina waiwala. Unkachokera kusukulu limodzi ndi mwana wawo, nonse n'kukuwa pakhomo pawo kuti "Tadaima!" kutanthauza kuti ndabwera, Mayi Hamada n'kuyankha m'kati, "Okaeri!" kukulandirani. Ukatero n'kudzalowa kwathu ndi "Hi, Mom," chikwama pansi phii, molunjika kufiriji. Nsanje inandigwira, sindikubisa. Ndinkati mwana wanga ulemu akukaperekera kwa eni, kuno akubweretsa makoko. Koma ndinkaimanso kuseri kwa chitseko kumvetsera mmene kakamwa kako kakutchulira mawu awo bwinobwino, mpaka eni ake kudabwa. Bambo ako nawonso ankamva. Iwo ndi amene anakugulira makaseti oyamba a Chijapani aja, akuti mwanayu ali ndi khutu. Anaiwala kuti walira mvula walira matope.

Tsono imva iyi, chifukwa ndi imene ndakhalira pansi. Tsiku lina ndinakukalipira kwambiri, chifukwa chake sindichikumbukanso, iwe n'kuzemba m'nyumba. Kunja kuli chipale chofewa, ine ndikuzungulira mafulati onse ndikuitana dzina lako, mtima uli m'malere. Kani uli phee kwa Mayi Hamada, akupatsa mpunga, akudikira kuti mkwiyo wanga uzizire kaye asanakubweze. Nditakupeza ndinawalalatira. Ndinati mwana ndi wanga, kwanu mwina mumatero koma kwathu wosunga mwana wa mnzake amauza mwini. Iwo anafiira nkhope, nawonso anakwiya, anati mwanayu anabwera akunjenjemera. Tinatsekerana zitseko. M'mawa mwake ndinakonzeka ndithu kuti ndikakumana nawo ndiyang'ane kukhoma. Ndikutsika masitepe, ndi awo pamabokosi a makalata. Nkhope inali yolimba, kumwetulira kunalibe, koma anagwirizanitsa mapazi n'kuwerama: "Ohayo gozaimasu." Ine ndi mkwiyo wanga wonse ndinangozindikira mawondo apinda, pakamwa payankha. Sanapepese tsiku limenelo, inenso sindinapepese. Nkhaniyo tinadzaikamba patapita masabata, aliyense n'kuvomera mbali yake. Koma tikanaikamba bwanji tikanakhala kuti tinasiya kulonjerana? Moni sadikira kuti mlandu uthe, Tinyade. Amaperekedwa mlandu uli pomwepo, kuti anthu apeze polowera. Ku Japan udzakhumudwitsana ndi anthu, palibe kumene sakhumudwitsana. Ukadzakwiya ndi munthu, m'mawa mwake umupatsebe moni wake wonse.

Pa zaka zonse zimene tinakhala moyandikana, mawu akuti "sayonara" ndinawamva kamodzi kokha pakamwa pawo, tsiku limene ankabwerera kwawo osadzabweranso. Anthu kuno amawatchula mwachibwana chifukwa anawamva m'kanema, koma Mayi Hamada anawatchula akulira. Mawu amenewo m'nyumba muno mawa sindikufuna kuwamva.

Tsopano ndikuululire chimene ndinauzidwa kuti ndisaulule. Lolemba m'mawa ndinaona kuti galimoto ya bambo ako yalira kalekale koma sikuchoka pakhomo. Ndinati mwina yawonongeka. Nditasuzumira pawindo la kukhitchini, ndinaona munthu wamkulu, tayi ali pakhosi, akulankhula yekha n'kumaweramira chiwongolero. Akadzuka, alankhulenso, aweramenso. Ndinatuluka ndi mantha, ndinati kapena ndi mtima. Nditagogoda pagalasi anadzidzimuka.

"Kodi mukutani, bambo a Tinyade?"

"Ndikuyesa wailesi."

"Wailesi yake yozima?"

Anayamba kupukuta magalasi awo amene anali oyera kale. Kenaka anati kuntchito kwawo kuli mnzawo wa ku Japan, ndipo anapita kukamufunsa kuti kholo limati chiyani kwa mwana amene akuchoka pakhomo. Tangoganiza, bambo ako, amene safunsa njira ngakhale titasochera mpaka ku Baltimore! Mnzawoyo anawauza kuti wochokayo amati "Itte kimasu," kutanthauza kuti ndikupita ndipo ndibweranso, otsalawo n'kuyankha kuti "Itterasshai," pita ukabwerenso. Akuti ndi mawu a tsiku ndi tsiku, a mwana wopita kusukulu, a bambo wopita kuntchito. Ndiwo amene ankawayesa m'galimotomo. Lilime lawo limakana pakati penipeni, amatulutsa mawu ngati akuthamangitsa nkhuku, koma akulimbikira tsiku lililonse.

Ndinati, "Nanga bwanji osangolowa m'nyumba n'kukamuuza mwanayo?"

Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala. "Mawu amenewa ndi oyankha. Mnzanga wanenetsa kuti woyamba ndi wochokayo. Nanga kwathu komwe, unaonapo kholo likutsanzika mwana? Mwana ndiye amabwera kudzagwada, n'kunena kuti bambo ndapita."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Ndiye kuti ndaphunzira pachabe," anatero, n'kubweza galimoto mofulumira mpaka kutsala pang'ono kugunda bini.

Ndinaima pamenepo osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire. Amakani awiri, wina anabala mnzake. Ukudziwa kuti kubanki kuja aliyense, mpaka wapageti, akudziwa kuti mwana wawo akupita ku Japan? Mkazi wa mnzawo wina ndi amene anandiuza. Kunja akudzitama mpaka anthu kutopa nawo, kunyumba nkhope ngati amwa mankhwala owawa. Sakukwiyira nzeru zako, mwana wanga. Akuopa. Iwo anachoka kwawo akuti zaka ziwiri zokha, agogo ako aamuna n'kumwalira iwo ali kuno, uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Akudziwa mmene ulendo umatalikira munthu akati ndibwera posachedwa.

Ndiye mawa uchite chonchi. Udzuke iwo asanatsike. Ukawapeza patebulo, usaime pakhomo ngati wobwereka machesi. Ufike pafupi, upinde mawondo, unene kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Akati "mmh" usabwerere m'mbuyo, "mmh" ameneyo ndakhala naye zaka zambiri, saluma. Usayambe za phwando lija, usafotokoze, usadziteteze, zimenezo mudzalemberana m'makalata. Masutikesi akalowa m'galimoto, usadikire kubwalo la ndege kumene kuli phokoso ndi maso a anthu, bambo ako sangathe pagulu. Pakhomo pomwe pano, uime patsogolo pawo, uwatsanzike. Uyambe m'Chichewa, chifukwa ndi chimene anakulerera: "Bambo, ndapita, tsalani bwino." Kenaka unene ya Chijapaniyo, momveka, kuti apeze poponya yawo ija.

Ndipo ndakupempha, akalakwitsa katchulidwe usawakonze. Usaseke ngakhale pang'ono, ine ndidzakhala kumbuyo kwawo ndikukuyang'ana. Uwerame, ulandire.

Zina zonse uli nazo kale. Ndakuona ukukula pakati pa zilankhulo zitatu osasochera, ndakuona ukugwira chinthu osachisiya mpaka chitatheka. Anthu a kumeneko adzakukonda, ndipo akadzafunsa kuti mwana ameneyu analeredwa ndi yani, ine ndili kuno ndidzamva kutentha m'makutu. Udye bwino, uvale zofunda, ulembe makalata. Mulungu akutsogolere.

Koma bambo ako anyamula yankho sabata yathunthu, alibe poliika. Munthu wa imvi wakhala akuweramira chiwongolero chifukwa cha iwe. Sangayambe, Tinyade, mwambo wa kwawo ndi wa kumene ukupita yonse yawamanga pakamwa. Yamba iwe.

Ndine mayi ako,
amene ndidzakhala nditaima pakhomopo.